Kodi Mau a Wogonja Atayidwe?

Anthu awiri akatsutsana, ndipo bwalo likakomera mmodzi, kodi mau a wogonjayo tiyenera kutani nao? Ambiri timayesa kuti mlandu ukatha, mau acenso atha. Aphunzitsi akale a Ayuda, amene dzina lao laulemu linali Rabi, anaganiza mosiyana.

Pamodzi ndi Cilamulo colembedwa, Ayuda anali ndi malamulo ena osungidwa pamtima, amene mphunzitsi anali kupatsira wophunzira wace pakamwa. Aroma atagwetsa Kacisi wa ku Jerusalem m'caka ca 70, aphunzitsi anasonkhana ku Yavneh kuti nzeruzo zisatayike, ndipo ca m'ma 200 Judah ha-Nasi anazisanja m'magawo 6, m'buku lochedwa Mishnah. Codabwitsa ndi ici: pambali pa ciweruzo ca ambiri, bukuli linasunganso maganizo a ogonja, ndi maina ao omwe. Cifukwa cace likuchula lokha, kuti kapena bwalo la m'tsogolo lidzaona nzeru m'mau amene makolo anawakana.

Taonani mkangano wa ophunzira a Shammai ndi a Hillel, umene Talmud, buku lomasulira Mishnah, inasunga. Funso linali lakuti, mkwatibwi atamandidwe motani pa ukwati wace? A Shammai anati anenedwe monga ali, pakuti Cilamulo cimakaniza bodza. A Hillel anati aliyense atamandidwe kuti ndi wokongola, pakuti m'maso mwa mwamuna wace ali wotero. Mwambo unatsata a Hillel, koma cenjezo la a Shammai silinafafanizidwe. Kufikira lero limakumbutsa wowerenga kuti cifundo cingathe kuterereka ndi kusanduka cinyengo.

Wina angatsutse kuti kusunga mau otere kumafooketsa lamulo, popeza wosamvera adzabisala m'menemo. Koma aphunzitsiwo analekanitsa kucita ndi kuganiza: pocita, onse anali kutsata ciweruzo, pophunzira, anali kumva mbali zonse. Talmud imanenanso kuti a Hillel anapambana cifukwa anali ofatsa, ndipo anali kuyamba achula mau a anzao asananene ao.

Inu amene mwatsiriza sukulu mudzakhala m'mabwalo ndi m'misonkhano, ndipo nthawi zina ambiri adzakhala mbali yanu. Pamenepo munthu amene mwamgonjetsa musamnyoze, ndipo mau ace muwasunge bwino, pakuti mau a akulu akoma akagonera, ndipo sitidziwa amene adzakoma mawa.