Kalata ya ku Mbombwe ndi mauthenga a pa foni

Mu Novembala 1914, nkhondo ya azungu itafika kale ku Karonga, M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anafunsa chifukwa chimene ana a dziko lino ankafera pa nkhondo yosadziwa chiyambi chake, chikhalirecho pa nthawi ya mtendere zokoma zonse zinkapita kwa azungu, eni nthaka n'kutsala ndi msonkho. M'kalatamo munalibe mawu otuma munthu kunyamula mkondo. Komabe boma la atsamunda linaiona kuti ndi yoopsa, ndipo linaletsa kuti anthu asaiwerenge. Patangopita miyezi iwiri, usiku wa pa 23 Januwale 1915, otsatira a Chilembwe anaukira ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, kumene anthu ankalira ndi thangata.

Zimene zinachitika usiku umenewo tisazibise. Woyang'anira wamkulu wa esitetiyo, William Jervis Livingstone, anamudula mutu, ndipo Lamulungu lake mutuwo unaonetsedwa pa mapemphero ku Mbombwe. Imeneyo inali imfa ya munthu, ngakhale anali wankhanza wootcha nyumba zopemphereramo. Koma kalata ija ndi mutu uja ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo boma limene linalephera kuzisiyanitsa ndi lomwe linakankhira anthu kukhoma. Komiti yofufuza imene atsamunda anakhazikitsa pambuyo pake inavomereza yokha kuti pa esiteti ya Bruce pankachitika nkhanza. Inamva madandaulowo Chilembwe atafa kale, tchalitchi chake atachiphwasula ndi mabomba. Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu, ndipo pa 15 Januwale timapuma kumukumbukira, koma mu 1915 dzina lake linali chigawenga.

Nkhaniyi imandibwerera ndikamamva mkangano wa masiku ano wochotsa pa intaneti mauthenga a anthu onyanyira. Ofuna kuchotsa ali ndi mfundo yolemera. Pa 15 Malichi 2019, munthu wina analowa m'mizikiti iwiri ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, napha anthu 51, kwinaku akuonetsa pa Facebook nthawi yomweyo. Kanema wotero sayenera kugona pa foni ya aliyense, ndipo amene amamutcha ufulu wolankhula sanaganizire ana amasiye a anthu aja. Ku Cabo Delgado, kwa anzathu a ku Mozambique, zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira 2017, ndipo zimafalitsa zithunzi za ntchito zawo kuti ziopseze ndi kukopa achinyamata.

Ifenso tinalawako, ngakhale kuti zathu zinalibe mbendera kapena mtsogoleri. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, kuno ku Chiradzulu, mpaka mumzinda wa Blantyre. Zinkayenda pakamwa, zinkayendanso pa foni. Mabanja anasiya kugona m'nyumba, n'kumagona panja m'magulu, moto ukuyaka usiku wonse. Anyamata anatchinga misewu ndi miyala ndi zipika, akusecha galimoto iliyonse. Mlendo wonyamula chikwama, wosadziwa dzina la nyakwawa ya m'mudzimo, moyo wake unali m'manja mwa gulu. Anthu anaphedwa, wina mwa iwo wodwala khunyu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Uthenga wonena kuti “uja wavala malaya akuti, ali pa siteji, ndi namapopa, musamusiye” ndi umene ndimautcha woopsa: ukuloza munthu, ukutchula pamene ali, ukutuma gulu kuti limuvulaze.

Tsono taonani amene lamulo lathu limawagwira. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loona za mauthenga ndi chitetezo cha pa intaneti. Ndime 87 ya lamuloli imaletsa kutumiza mauthenga osokoneza mtendere wa munthu wina, ndipo mawu ake ndi otambalala moti wapolisi angalowetsemo chilichonse chimene chakwiyitsa bwana. Mu 2022 namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zimene analemba pa gulu la WhatsApp zokhudza mtsogoleri wa dziko. Mawu ake mwina anali amwano, koma mwano si chikwanje. Palibe amene akanafa nawo.

Ife Amalawi tilibe chifukwa chokhulupirira msanga munthu wonena kuti akutitseka pakamwa pofuna kutiteteza. Tinakhala pansi pa lamulo la 1968 limene linapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987 popanda mlandu, natuluka mu 1991. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 boma linaitcha youkira, ndipo kupezeka nayo kunali mlandu. Chaka chotsatira anthu anavotera zipani zambiri. Nthawi zonsezi, chimene boma linkachitcha choopsa chinali dandaulo loona, ndipo kuphimba chithupsa ndi nsalu sikunachiletse kuphulika. N'chifukwa chake ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko imapatsa aliyense ufulu wolankhula. N'zolimbikitsa kuti mu 2022 aphungu anachotsa mlandu wolankhula zoukira boma, ndipo mu 2025 bwalo lamilandu linagamula kuti kuipitsa mbiri ya munthu kusakhalenso mlandu wa kundende. Koma ndime 87 ikadalipo, ndipo zimene zinatulukira pakhomo zikhoza kubwerera kudzera pamenepo.

Makampani a intaneti a ku America nawonso sindiwadalira kuti atiweruzire. Makina awo anakulira m'Chingelezi. Uthenga wa mawu wojambulidwa m'Chilomwe kapena m'Chiyawo pa msika wa Mbulumbuzi sadzaumva, ndipo za pa WhatsApp sazionanso n'komwe chifukwa zimakhala zokhomedwa pakati pa wotumiza ndi wolandira. Amene angaimitse uthenga wakupha ndi amene ali m'gulumo: adimini wa gulu la mpingo, mphunzitsi, shehe, mwana wa amfumu amene angaufufute n'kuimbira apolisi gulu lisanasonkhane. Mu 2017 mphekesera zinazizira apolisi atayamba kulondera ndi kumanga opha anzawo, atsogoleri atapita m'midzi kukalankhula ndi anthu maso ndi maso.

Chimene ndikupempha kwa aphungu, kuyambira athu a ku Chiradzulu, n'chakuti ndime 87 ilembedwenso. Itchule poyera uthenga woopseza kapena wotuma anthu kuvulaza munthu kapena mtundu wa anthu. Wolamula kuti uthenga uchotsedwe akhale woweruza, osati wapolisi kapena bungwe la MACRA, alembe zifukwa zake, ndipo mwini uthenga apatsidwe mpata wochita apilo. Mlimi wotukwana boma chifukwa feteleza wakwera mtengo ayankhidwe ndi nduna ya zaulimi.