Betta m'kabotolo: kodi woweta walakwa?

Nsomba yotchedwa betta ndi yaifupi, kawirikawiri sipitirira masentimita 7, koma zipsepse zake zazitali zofiira kapena zabuluu zaichititsa kukhala imodzi mwa nsomba zokongoletsera nyumba zimene zimayenda malonda kwambiri pa dziko lonse. Kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nalo, m'madambo ndi m'minda ya mpunga ya m'zigwa za mitsinje ya Chao Phraya ndi Mekong, ndipo mu 2019 boma la Thailand lidaisankha kukhala chizindikiro cha zamoyo zam'madzi za dzikolo. Ogulitsa m'maiko ambiri amaiika m'kapu kapena m'kabotolo, ndipo zithunzi zotere ndi zomwe zimafika pa foni ya wachinyamata wa pa Boma la Kasungu. Mutu wa mtsutso wathu ndi uwu: munthu wa kwa Kaomba akagula betta n'kuisunga m'botolo la lita imodzi moyo wake wonse, kodi wailakwira? Mbali ina ikuti ayi, ina ikuti inde. Ine ndili ndi oti inde, koma oikira kumbuyo botolo ayambe ndiwo kulankhula, pakuti mfundo zawo si zopepuka.

"Akuluakulu," akutero wa mbali ya botolo, "musaikidwe chisoni ndi azungu pa zinthu zopanda pake. Nsomba imeneyi Mulengi adaipatsa chiwalo chopumira mpweya wa pamwamba pa madzi, n'chifukwa chake kwawoko imapezeka m'madzi osaya, osayenda, a mpweya wochepa. Ikaikidwa m'botolo siifa. Komanso ndi yandewu: amuna awiri mukawaphatikiza amalumana mpaka zipsepse kuthothoka, ndiye iyenera kukhala yokha, ndipo wokhala yekha safuna nyumba yaikulu. Nanga kuno madzi ndi ochita kutunga pa mjigo, magetsi ndi ozimazima, galasi lalikulu ndi lodula. Mukufuna kuti nsomba yokongola ikhale ya anthu a ndalama okha? Ndipo kodi inu, achimwene, mudayamba mwamvapo nsomba ikulira?"

Pa nkhani ya chiwalo chopumira, wolankhulayo sadaname, koma wa mbali ina akumuyankha ndi nsomba imene aliyense wokulira m'mphepete mwa Bua kapena Dwangwa amaidziwa. "Akulu, mlamba nawonso umapuma mpweya wa pamwamba. Mu Okutobala dambo likamaphwa, timaupeza ukuphiriphitha m'thope pamene makumba adafa kale. Koma ndani mwa ife angati kwawo kwa mlamba ndi m'thope?" Apa ndi pamene pagona mtsutso wonse. Mlamba umapirira thope podikira mvula, ndipo mvula ikagwa umabalalika ndi madzi kukaswana m'maudzu. Betta nayonso chimodzimodzi. Madzi a m'munda wa mpunga ndi osaya ndithu, koma ndi otambalala, odzala zomera ndi tizilombo, ndipo zoipa zimasungunukira m'madzi ochuluka. Chithaphwi chaching'ono cha m'chilimwe ndi tsoka limene nsombayo imapulumukamo, ndipo zambiri zimafera momwemo. Woika betta m'botolo watenga nyengo yoipitsitsa ya chaka cha nsombayo n'kuisandutsa moyo wake wa tsiku ndi tsiku, kenaka n'kumaloza kupirira kwake ngati umboni woti zonse zili bwino.

Chimene chimapha nsomba m'botolo si kusowa mpweya, koma zotuluka m'thupi mwake momwe. Nsomba iliyonse imatulutsa amoniya kudzera m'makha ndi m'chimbudzi, ndipo chakudya chotsala chikaola chimaonjezera. Amoniya ndi poizoni: amawononga makha ndi khungu, n'kutsegulira njira matenda odya zipsepse. Masamu ake ndi osavuta. Zoipa zimene nsomba imodzi yatulutsa pa tsiku zikagwera m'lita imodzi, ukali wake umaposa ka 20 ukali wa zoipa zomwezo zikagwera m'malita 20. M'thanki yaikulu yokhala ndi sefa, mchenga ndi zomera mumakhazikika mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala chinthu chosaopsa kwambiri, pamene m'botolo lotsukidwa mbee masiku awiri aliwonse mabakiteriyawo sapeza pokhala. N'chifukwa chake akadaulo ambiri oweta nsombazi amalangiza malita pafupifupi 20 pa betta imodzi, ndiye kuti madzi odzaza chigubu chija timatungira pa mjigo. Izi si nzeru zachilendo kwa mlimi wa dziwe. Alangizi a zansomba, ochokera ku Domasi kapena ophunzira ku Bunda, amachenjeza kuti ukathithikiza makumba kapena chilunguni m'dziwe laling'ono, nsombazo zimapinimbira, n'kuyamba kuswana zikadali tating'ono. Mlimi amamva chenjezolo msanga chifukwa limakhudza thumba lake. Woweta betta alibe chomwe angataye pa sikelo, ndiye amazengereza kumva.

Pali chinanso chimene zithunzi za pa foni sizinena, ndipo ichi n'chathuchathu cha kuno. Betta ndi nsomba ya kumalo otentha, imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Kasungu ali pa mtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo mu Juni ndi Julayi, pamene malole a fodya ali pa mzere ku Chinkhoma ndipo madalaivala akuotha moto usiku, kumazizira mpaka kuyandikira madigiri 10. Nsomba siitha kudzifunditsa. Thupi lake limatsata madzi. Lita imodzi imazizira msanga dzuwa likangolowa n'kutenthanso msanga masana pa windo, pamene madzi ochuluka amasintha pang'onopang'ono. Choncho mfundo ya magetsi ozimazima ikutembenukira mwini wake: kumene hita yotenthetsa madzi ikhoza kuzima pakati pa usiku ndi kumene madzi ochuluka akufunika koposa. Nayonso mfundo ya kutunga madzi ndi yofooka. Botolo limafuna kusinthidwa pafupifupi tsiku lililonse, pamene thanki ya malita 20 imangofuna kuchotsamo malita 4 kapena 5 pa sabata. Madzi a pampopi ochokera ku damu la Chitete amathiridwa klorini, ndiye ayenera kuyamba achotsedwa mankhwalawo, ndipo kuchita zimenezi kamodzi pa sabata n'kopepuka kusiyana ndi m'mawa uliwonse. Galasi lodula nalo si lamulo. Beseni lalikulu la pulasitiki loyera, lovindikira ndi ukonde kuti nsomba isadumphe, liposa botolo lokongola.

Za ndewu sitichedwapo. Kuti betta yamphongo iyenera kukhala yopanda mnzake wamphongo n'zoona, koma imamenyana chifukwa choteteza dera limene imamangapo chisa chake cha thovu. Nyama yolimbirana dera ndi nyama yofuna dera. Ndipo makapu a ogulitsa ndi osungiramo katundu masiku ochepa kuti asaphane asadagulidwe, si nyumba ya zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi zimene nsombayi imatha kukhala ndi moyo. Funso loti ndani adamva nsomba ikulira lidayankhidwa mbali ina mu 2003, pamene Lynne Sneddon ndi anzake ku Scotland adapeza kuti nsomba za trout zili ndi mitsempha yomva kupweteka kumaso ndi pamilomo, ndipo zikavulazidwa zimaleka kudya n'kumakhuza milomo pa miyala. Asayansi ena amatsutsabe kuti kumva kumeneku n'kofanana ndi ululu wa munthu. Koma ngakhale tivomere kukayikako, munthu wanzeru akamakayika ngati chinthu chikumva kuwawa, ndipo kuchipepuza kukungofuna chigubu chimodzi cha madzi, sasankha kuchipanikiza.

Wa mbali ya botolo adasunga muvi wake wakuthwa kuti auponye pomaliza. "Bambo, chitani manyazi. M'boma lino mabanja a matenanti akhala akugona m'zisakasa za udzu m'maesiteti, ana asanu pa mphasa imodzi, kudikira malipiro a kumapeto kwa nyengo amene ngongole ya chimanga idadya kale. Inu mukudandaula za malo ogona nsomba?" Mawu awa ndi olemera, ndipo munthu amene angasamale betta kwinaku akumana wantchito wake chakudya ndi wachinyengo woyenera kudzudzulidwa. Komatu kupanikiza nsomba sikuonjezera tenanti chipinda ngakhale chimodzi. Ndipo taonani chimene woikira kumbuyo botolo wakhala akunena kuyambira pachiyambi: ili moyo, ikudya, sikudandaula, ndiye palibe mlandu. Ameneyo ndi muyeso womwe udalola utenanti kukhalapo zaka zambirimbiri mpaka Nyumba ya Malamulo idauthetsa m'malamulo a zantchito mu 2021. Munthu si nsomba, ndipo mlandu wake ndi waukulu kutalitali, koma chizolowezi choyeza ubwino wa wodalira iwe pongoona kuti sadafe ndi chimodzi, ndipo chimaphunziridwa pa zinthu zazing'ono. Mwana woonerera nsomba ikufota m'botolo, makolo n'kungogula ina, pali chimene akuphunzira.

Kusiyana kwa betta ndi ziweto zathu zina n'kwakuti palibe amene njala imamukakamiza kuiweta. Nkhuku yothithikana m'khola la mlimi wosauka tikhoza kuimvera chisoni kwinaku tikumvetsa mwini wake, pakuti pali fizi ndi ndiwo. Betta sidyedwa, silima, silondera nyumba. Imagulidwa kuti isangalatse maso basi. Wosakwanitsa kuisunga bwino sataya kanthu akapanda kuigula, ndiye kunena kuti tikumana osauka chisangalalo n'kubisala kumbuyo kwa umphawi wa ena. Yemwe ali nayo kale m'botolo asaganizenso zokaitaya m'dambo poti waimvera chisoni. Madzi a Bua ndi Dwangwa amathera m'nyanja ya Malawi, imene ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse, ndipo lamulo la zansomba sililola kuthira nsomba zachilendo m'madzi athu popanda chilolezo.

Chigamulo changa n'chakuti wosunga betta m'botolo la lita imodzi, atadziwa zonsezi, walakwa. Ngati muli nayo, ipezereni chotengera cha malita 20, chovindikira, chokhala ndi zomera ndi hita Juni asadafike. Ngati simungathe, ipatseni amene angathe, ndipo musagulenso ina.