Chilango chachiwiri

Msuweni wanga atatuluka ku Maula, komwe anakhala zaka zitatu chifukwa choba mbuzi, amayi anamuphera nkhuku. Koma usiku womwewo ndinawaona akulowetsa kachikwama ka ndalama kuchipinda. Sindinawadzudzule. Nanenso foni yanga ndinagona nayo pansi pa pilo.

Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi silindichoka: kodi chilango chimatha liti? Woweruza anati zaka zitatu, ndipo zinatha. Koma ife pamudzi timapereka chilango chachiwiri, chopanda tsiku lotuluka. Nkhuku ikasowa, maso onse kwa iye. Ganyu palibe womupatsa. Kubanki m'khonde akuti adikire kaye. Ndiye njala ikamupweteka alowera kuti? Abwerera kwa anzake omwe anadziwana nawo m'selo, ife n'kumati, "Tinkanenatu ife."

Komatu tisanamizane. Mwini mbuzi zija akadali pamudzi pomwepo, ndipo mwana wake anajomba teremu yonse chifukwa fizi inali m'khola momwemo. Kumuuza bambo ameneyo kuti "ingoiwalani" n'kumuberanso kachiwiri.

Pali nkhani ina imene inandithandiza kuganiza. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolamulidwa kunyongedwa. Milandu itayamba kumvedwanso mu 2015, anthu oposa 100 anatuluka m'ndende. Koma othandiza pa zamalamulo ankayamba apita kumidzi kukakambirana ndi mafumu ndi abale. Ankadziwa kuti chipata cha ndende chikhoza kutseguka pamene cha mudzi chili chotseka. Ngati midzi inakhala pansi kukambirana za magazi, ife za mbuzi zingatikanike?

Ndiye ine ndikuona chonchi. Kumulandira munthu si kuiwala zimene anachita, komanso si kumupatsa makiyi onse tsiku loyamba. N'kumupatsa kanthu kakang'ono koti akhulupirike nako, akakwanitsa n'kumuwonjezera. Chikhulupiriro sangachibweze ngati palibe womubwereka.

Pano msuweni wanga akuumba njerwa, ndipo amfumu anagamula kuti azibweza mbuzi zija pang'onopang'ono. Imodzi wabweza kale. Sabata yatha ndinamutuma kuchigayo ndi ndalama zanga, chenji anabweza chonse. Foni ndayamba kuisiya patebulo. Mtima umagundabe, sindikunamizani, koma ndimaisiya.