Kodi mwana ndi mpamba?

Abale anga a pagulu pano, sabata ino ndabwera ndi funso la kumsika. Ife ogulitsa timadziwa kuti mpamba ndi ndalama imene umaituma kuti ikabwere ndi inzake. Ukapikula tomato kwa Lizulu, umawerengera kuti pomatha dengulo pakhale kaphindu. Tsono tamverani mmene timakambira za ana: "Limbikira sukulu udzatithandize." "Uyu ndiye penshoni yanga." Ngakhale mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe, umathera pa kudya naye. Ndiye tandiuzani, mwana amene mwina sadzabweza kalikonse, tizimukondera chiyani?

Sindikufunsa zongoganizira ayi. Wanga wachiwiri ali ndi zaka 6. Anayenda mochedwa, mawu ake ndi owerengeka, ndipo chilembo chimene waphunzira lero, mawa chapita. Kholo la mwana wotere siligona. Umadzifunsa kuti ine ndikadzafa adzamusunga ndani.

Anthu amayankha m'njira zitatu, ndipo zonse ndimazikana.

Yoyamba ndi yotonthoza: "Musadandaule, bambo akenso anachedwa kuyankhula." Mawu okoma, koma amadya nthawi. Mwana akafika miyezi 18 asanayambe kuyenda, kapena zaka 2 asanayambe kulumikiza mawu awiri, kauzeni a kusikelo, musangomuyeza kulemera n'kubwerera. Ena vuto limakhala makutu chabe, ndipo ku African Bible College ku Area 47 kuli malo oyeza makutu. Ena amafunika mafizo, amene amachitika ku Kamuzu Central.

Yachiwiri ndi yamiseche, ndipo ife a bizinesi timaidziwa bwino. Benchi yako ikangoyenda malonda uli ndi mwana wotere, amati unamukhwimira. Taganizani, mayi amene akugwira ntchito mowirikiza kuti apeze ya thiransipoti yopitira kuchipatala, ndiye akutchedwa mfiti chifukwa cha khama lomwelo! Pomwe zoyambitsa zake n'zodziwika: mwana kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu ali wakhanda, malungo a mu ubongo, kusowa zakudya zoyenera. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira. Kodi amayi onsewo anakhwima?

Yachitatu ndi yamanyazi. Kuno ku Area 15 kumene ndimaperekera ndiwo zamasamba m'makomo, mipanda ndi yaitali. Kuseri kwa mipanda ina kuli ana amene alendo akabwera amalowetsedwa kuchipinda. Ndalama zilipo, galimoto ilipo, koma mwana satuluka pageti. Apa mpamene ndinaonera kuti nkhaniyi si ya umphawi yokha. Wosauka amaopa kuti mwana sadzamudyetsa, wolemera amaopa kuti mwana amuchotsa ulemu. Onse awiri akumuwerengera mwana ngati katundu.

Mwina mukuti, "Mayi inu, kuyembekezera thandizo kwa mwana si tchimo. M'dziko lino okalamba ambiri alibe penshoni." N'zoona, ndipo sindikunyoza kholo lililonse loganiza za mawa. Nanenso ndimafuna wondisunga. Koma chiyembekezo ndi china, mtengo wa munthu ndi china. Tikati munthu afunika chifukwa cha zimene adzabweretse, ndiye kuti agogo amene asiya kulima atha ntchito, ndipo inuyo tsiku limene sitiroko idzakugwetseni mudzathanso ntchito. Muyezo umene mukumuyezera mwanayu ukukudikirani kutsogolo.

Papepala, dziko lathu linavomereza kale zimenezi. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, lamulo loteteza anthu aulumali linabwera mu 2012, ndipo ku Montfort ku Chiradzulu amaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Makolo nawo ali ndi bungwe lawo la PODCAM. Koma lamulo silingakhale pansi ndi mwana n'kumubwerezera chilembo kakhumi. Silingaletse mwana wanu kumutcha mnzake chitsiru. Zimenezo ndi za inu ndi ine.

Yankho langa ndi ili: mwana si mpamba, ndi mlendo amene tinamuitana tokha. Mlendo sumufunsa kuti adzalipira liti. Umamupatsa madzi, n'kuphunzira chiyankhulo chake. Wanga akafuna madzi amandigwira chitenje kawiri. Anzanga a pamsika anaphunzira zimenezi, ndipo ndikachokapo amamupatsa okha.

Pamene mukukhala inu pali mwana wotere, ngakhale simumuona kawirikawiri. Dzina lake mumalidziwa? Kapena mumangoti "kamwana kaja ka kwa uje"? Yambirani pomwepo. Funsani dzina, mumupatse moni, ndipo mudikire yankho ngakhale lichedwe.