Kodi Kukhulupirika Kumalembedwa Papepala?

Nditapeza nyumba ku Nancholi, ejenti sanafunse za kwathu. Anafuna chikalata cha malipiro, kalata ya abwana kuntchito ndi lendi ya miyezi itatu. Atamva kuti ndine wa m'boma, anamwetulira. Mayi wina wogulitsa tomato, amene tinayandikana naye zaka zambiri ku Zingwangwa osamvapo kuti waphonya lendi, anabwezedwa panyumba yomweyo poti analibe pepala.

Ejentiyo sindimuda, ochita lendi othawa usiku alipodi. Komatu pepala langa limanena zimene ndimalandira, silitchula zimene wakatapila amanditengera mwezi ukatha. Pakati pa ine ndi mayiyo, woopsa anali ndani?

Inenso ndinalowa m'nyumbamo osapempha kalata yotsimikiza kuti denga silidontha. Linadontha mu Januwale.