Kubwereranso pa Mzere ku Georgia

Pa 3 Novembala 2020, David Perdue wa chipani cha Republican anapeza mavoti ochuluka kuposa anzake onse pa mpando wa seneta m'chigawo cha Georgia ku America. Anaposa Jon Ossoff wa chipani cha Democratic ndi mavoti pafupifupi 88,000. Kukadakhala kuzigawo zina zambiri za dzikolo, nkhani ikadathera pomwepo. Koma lamulo la ku Georgia limati wopambana apyole theka la mavoti onse, ndipo Perdue anaima pa 49.7 peresenti. Anthu anabwereranso pa mzere pa 5 Januwale 2021, ndipo ulendo uno Ossoff ndi amene anautenga mpandowo.

Otsatira Perdue zinawawawa, ndipo ndikuwamvetsa. Komabe ine ndili kumbali ya lamuloli. Nyumba ya Seneti ili ndi mipando 100 yokha, iwiri pa chigawo chilichonse, ndipo seneta amakhalamo zaka 6. Munthu wosenza mawu a anthu oposa 10 miliyoni kwa nthawi yaitali chonchi asamalowe m'nyumbamo pamene ovota ambiri anasankha ena. Taonani mpando wachiwiri wa chigawo chomwecho, umene unapikisanidwa tsiku lomwelo pa chisankho chapadera chongomalizitsa nthawi yotsala ya mpandowo: papepala panali mayina 20, ndipo wotsogola, m'busa Raphael Warnock wa Democratic, anangopeza voti imodzi mwa atatu alionse. Kodi pamenepo tikadati anthu a ku Georgia alankhula? Ife a ku Malawi funsoli si lachilendo. Mu 2019 mtsogoleri wa dziko analengezedwa ndi mavoti osakwana 39 peresenti, mpaka khothi linagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti unyinji ndi theka kuphatikizapo voti imodzi.

Ku Georgia chibwereza chija chinasuntha dziko lonse. Warnock anagonjetsa Kelly Loeffler wa Republican, nakhala munthu wakuda woyamba kuimira chigawocho ku Seneti. Iyeyu amalalikira pa Ebenezer Baptist Church mu mzinda wa Atlanta, guwa limene Martin Luther King Jr. ankaimapo, ndipo mayi ake ali mtsikana ankathyola thonje m'minda ya eni. Mipando iwiriyo itapita kwa a Democratic, nyumba inagawanika 50 kwa 50, mphamvu yodula mkangano n'kukhala m'manja mwa wachiwiri kwa pulezidenti, Kamala Harris. Mu Malichi 2021 lamulo la madola 1.9 thiriliyoni lothandiza anthu pa mliri wa Covid-19 linadutsa ndi mavoti 50 kwa 49. Banja la ku Ohio limene linalandira madola 1,400 pa munthu linadyera m'manja mwa ovota a ku Savannah ndi Macon, mizinda ya ku Georgia, amene anadzuka kachiwiri m'nyengo yozizira.

Tsono pali pamene pamandivutitsa mtima. Lamulo limene ndikulitetezali linabadwa ndi mtima woipa. Amene analilimbikira m'zaka za m'ma 1960 anali Denmark Groover, phungu wa ku Macon wokhulupirira tsankho. Atagwa pa chisankho china, iye analoza chala anthu akuda kuti anavotera pamodzi munthu mmodzi. Nzeru yake inali yakuti azungu akagawana mavoti pa ulendo woyamba, pa wachiwiri adzagwirizane n'kutsekereza wokondedwa ndi akuda. Kuti lamulo lomwelo linadzatsegulira Warnock chitseko patapita zaka zoposa 50 sikufafaniza zaka zimene linagwira ntchito imene analilengera. Koma kukutionetsa kuti poizoni sanali mu theka la mavotiwo. Anali pa funso lakuti ndani angakwanitse kubweranso kachiwiri.

Kuvota kawiri kuli ndi mtengo, ndipo amene amaulipira kwambiri ndi wosauka. Mayi wotsuka mbale mu lesitilanti, wolipidwa pa ola, ayenera kupempha bwana kachiwiri, kupeza womusungira mwana kachiwiri, kukwera basi kachiwiri, pa tsiku la Lachiwiri lomwe si holide. Mu Januwale 2021 anthu otere anabwera chifukwa magulu olimbikitsa anthu kuvota, ngati a Stacey Abrams, anali atayenda khomo ndi khomo kwa zaka zambiri, kulembetsa ovota ndi kuwakumbutsa tsiku.

Aphungu a chigawocho anayenera kupeputsa katunduyu, koma anachita kumuwonjezera. Patangopita miyezi iwiri, mu Malichi 2021, anakhazikitsa lamulo lofupikitsa nthawi ya chibwereza kuchoka pa masabata 9 kufika pa 4, n'kuletsanso kugawira madzi kapena chakudya anthu oima pa mzere. Ichi ndicho ndimakana ndi mtima wonse. Mu 2022, Warnock atakumananso ndi chibwereza, ulendo uno polimbana ndi Herschel Walker wa Republican, masiku ovoteratu anachepa, mizere ku Atlanta n'kutalika. Zinatengera khothi kuti anthu aloledwe kuvota Loweruka la pa 26 Novembala, tsiku limene wantchito ali ndi mpata. Warnock anapambana pa 6 Disembala, kachinayi kuima pamaso pa ovota onse a chigawocho m'zaka ziwiri zokha, pa mpando womwewo.