Kodi Nkhope ya Munthu Njayani?

M'mudzi wa Freshwater, pachilumba cha Isle of Wight kumwera kwa England, muli nyumba yotchedwa Dimbola, imene lero imasunga mbiri ya luso lojambula zithunzi. M'menemo munkakhala mayi Julia Margaret Cameron. Iwowa adalandira kamera ngati mphatso m'chaka cha 1863, ali ndi zaka 48, ndipo posakhalitsa khola la nkhuku lidasanduka mojambuliramo anthu, kanyumba ka malasha nkukhala motsukiramo zithunzi.

Kujambulidwa masiku amenewo kunali kupirira. Chithunzi chinkagwidwa pagalasi lopakidwa mankhwala asanaume, ndipo munthu ankakhala duu kwa mphindi zingapo osagwedezeka. Adapirira motero mlakatuli Alfred Tennyson, mnansi wawo, ndiponso Charles Darwin mu 1868. Koma ife mtima wathu uli pa Mary Hillier, mwana wa mmisiri wa nsapato, amene adalowa ntchito m'nyumbamo akali mtsikana. Kawirikawiri mayi Cameron ankamufunditsa nsalu kumutu, kumuyandikiza tiana, namujambula ngati Maria Virigo.

Tsono apa mpamene pagona funso lathu. Darwin adajambulidwa ngati Darwin, pamene Mary nkhope yake inkabwerekedwa kuti ikhale ya wina. Tennyson akadafuna akadakana, pakuti anali bwenzi. Nanga wantchito amakana bwanji kwa amene amamulipira? Zithunzizo mayi Cameron adazilembetsa m'dzina lawo, nazigulitsa ku London. Luso linali lawo, sitikana. Nanga nkhope ija?

Tisafulumire kuweruza. Alendo ambiri adalandira chakudya m'manja mwa mtsikanayu osamuyang'ana kawiri, koma mayi Cameron adamuyang'anitsitsa, naona ulemerero umene enawo sadauone. Ndiponso Maria wa ku Nazarete anali mtsikana wakumudzi amene adadzitcha yekha mdzakazi, kotero kuti mwina chithunzi cha wantchitoyu chikunena zoona kuposa zina zovekedwa golide. Komabe tikuganiza kuti kuona ubwino wa munthu nkwina, kumupempha nkwinanso. Munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo nkhope ndi khomo limene iye amatulukira kudzakumana nafe; pakhomo la mwini timayamba taodira.

Ifetu lero kamera tili nayo m'thumba. Timajambula wodwala ali gone pamphasa, ofedwa akulira pamaliro, ngakhale gogo amene tamupatsa thumba la ufa, kuti anthu aone chifundo chathu. Gogoyo angakane bwanji, ufa uli m'manja mwake? Mphindi zingapo zija zinkakakamiza wojambula kukhala pamaso pa mnzake. Ife timangodina nkuchokapo, dzina lomwe osafunsa.

Mayi Cameron adasamukira ku Ceylon mu 1875, namwalira komweko mu 1879. Mary adatsala ku Freshwater, nakwatiwa, nabereka ana, nakalamba m'mudzi momwemo kufikira imfa yake mu 1936.